Kuwala Kosintha Mtundu: Ulendo wa Uthenga Kuchokera ku Domwe Kukafika ku Nyanja

Lamulungu pa 12 Meyi 2024, zingwe ziwiri za pansi pa nyanja yamchere, EASSy ndi Seacom, zidaduka chakufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal ku South Africa. Pomwe dzuwa limalowa n'kuti intaneti ikuyenda mokwawa ku Tanzania, Kenya, Uganda, Rwanda, Malawi ndi Mozambique. Zithunzi zimakana kutseguka, mauthenga amangozungulira osapita, makampani a mafoni ali kalikiliki kupepesa. Padatenga milungu kuti sitima yokonza zingwe ifike pamalopo, ivuule nsonga zodukazo ndi kuzilumikiza.

Ku Domwe, m'mapiri a Angónia m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kulibe nyanja. Kuli minda ya chimanga, mbatatesi, nyemba ndi fodya, kuli chisanu cha mu Juni, kuli phiri lomwe nsonga yake ipitirira mamita 2,000. Komatu foni ya mlimi amene akufunsa mtengo wa thumba la mbatatesi ku Tete, ngakhalenso ya mayi amene akudikira uthenga wa mwana wake wa ku Johannesburg, imadalira zingwe ngati zomwezo. Ambirife timayesa kuti uthenga wa pafoni umauluka mumlengalenga ulendo wonse. Ayi ndithu. Umauluka makilomita ochepa chabe, kuchoka m'dzanja kukafika pa antena, mwinanso kudumpha ma antena angapo. Ukatero umalowa m'kachingwe ka galasi kotchedwa faiba, n'kuyenda mtunda wotsalawo uli kuwala.

Pa kuwala kumeneko pali luso limodzi lomwe akatswiri akhala akulisakasaka kwa zaka zoposa 30: kukusintha mtundu kuli paulendo, osakuimitsa. Ndi nkhani ya m'nyumba zofufuzira za ku Japan, Ulaya ndi America, koma phindu lake likudzagwa m'madera ngati lino, kumene chingwe ndi chimodzi, mtunda ndi wautali, ndalama zokumbira china n'zosowa.

Dera la pamphambano

Angónia adazolowera kukhala pamphambano. Angoni a Maseko adakhazikika m'tsinde mwa phiri la Domwe m'zaka za m'ma 1870, kenaka pangano la Britain ndi Portugal la 1891 lidadula malire pakati pa pachibale, ena mbali ino, ena ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique yomwe idatha mu 1992, mabanja ambirimbiri adakabisala ku Malawi. Mpaka lero anthu amakwatirana, kuikana maliro ndi kugulitsana malonda modutsa pa chipata cha m'malire cha Calómuè, ndipo si zachilendo kupeza munthu ali ndi ma SIM a maiko awiri, ina ya Movitel kapena Vodacom, ina ya TNM kapena Airtel.

Netiweki idafika kumidzi pang'onopang'ono. Poyamba padali TDM ndi mCel, makampani a boma omwe pambuyo pake adaphatikizana kukhala Tmcel. Vodacom idalowa mu 2003. Kusintha kwakukulu kudabwera mu 2012 ndi Movitel, yomwe mwini wake wamkulu ndi Viettel ya ku Vietnam. Pomwe imatsegulira ntchito zake n'kuti itayala kale faiba wa makilomita oposa 12,000, wambiri mwa iye wopachika pamapolo m'mbali mwa misewu ya kumaboma. Kunyanja nako kudali kutatseguka: Seacom idatsikira ku Maputo mu 2009, EASSy mu 2010, ndipo mu 2023 chingwe cha 2Africa, chotalika makilomita 45,000, chidafika ku Maputo ndi ku Nacala. Malawi, poti alibe gombe, amalandira intaneti yake kudzera m'zingwe zodutsa kwa anansi ake, Mozambique, Tanzania ndi Zambia.

Zingwe za faiba zimakonda kutsata misewu ndi mizere ya magetsi. Msewu wochoka ku Domwe umadzera ku Ulónguè, Mussacama, Moatize, Tete ndi Inchope kukafika ku Maputo, mtunda woposa makilomita 1,700. M'galasi kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, choncho mtunda wonsewo kumaumaliza gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi lisanakwane.

Zomwe zili m'kati mwa galasi

Mukasenda chingwe cha faiba mupeza timaulusi ta galasi toonda kwambiri, moti mutayala 8 pamodzi ndiye takwana milimita imodzi. Pakati penipeni pa kaulusi kalikonse pali mtima wake, wochepa kuposa pamenepo kakhumi ndi kuposerapo, ndipo kuwala kumayenda mmenemo.

Kale anthu sankakhulupirira kuti galasi lingatengere kuwala patali. Mu 1966 Charles Kao ndi George Hockham, akugwira ntchito ku Harlow ku England, adaonetsa kuti chozimitsa kuwala ndi zitsotso za m'galasimo, osati galasi lenilenilo. Mu 1970 kampani ya Corning ku America idapanga ulusi woyera mokwanira, ndipo Kao adalandira mphoto ya Nobel mu 2009. Faiba wa masiku ano ndi woyera zedi, komabe kuwala kumafooka: pa makilomita 15 kumatsala theka, pa makilomita 100 kumatsala gawo limodzi mwa 100. N'chifukwa chake pa makilomita 80 kapena 100 aliwonse pamakhala kanyumba ka makina okuwonjezera mphamvu. Makinawo amagwiritsa ntchito kachidutswa ka faiba kothira erbium, luso lomwe gulu la David Payne ku Southampton ndi la Emmanuel Desurvire ku Bell Labs adalionetsa mu 1987.

Ubwino wa makina a erbium ndi wakuti amalimbitsa mitundu yambiri ya kuwala nthawi imodzi. Utawaleza umationetsa kuti kuwala kuli ndi mitundu, ndipo chosiyanitsa mtundu ndi unzake ndi kutalika kwa funde lake. Kupyola kofiira kuli mitundu ina yomwe diso siliona, ndipo imeneyo ndiyo imayenda bwino m'galasi, makamaka ya pakati pa 1530 ndi 1565 nanometre, chigawo chomwe amachitcha C-band. M'chigawo chokhachi mumalowa mitundu 80 mpaka 96, uliwonse ndi uthenga wakewake, yonse m'kaulusi kamodzi. Akatswiri amautcha mtundu uliwonse lambda, ndipo luso lonseli ndi DWDM. Bungwe la ITU lidaika ndondomeko ya mitunduyi kuyambira pa 193.1 terahertz, ndiye kuti funde logunda maulendo mathiriliyoni 193 pa sekondi, kuti makina a makampani osiyanasiyana azimvana. Lambda imodzi lero imanyamula magigabiti 100, 200 ngakhale 400 pa sekondi.

Vuto limabuka polumikizana zingwe

Pamene zingwe zakumana pamakhala makina opatutsa mitundu, wina kumanzere, wina kumanja, wina kutsikira pomwepo. Makinawa amapatutsa koma sasintha mtundu. Tiyerekeze kuti uthenga wanyamuka ku Ulónguè pa lambda ya nambala 20. Wafika ku Tete, ukufuna kupitirira kummwera, koma pa chingwe cha kummwerako nambala 20 yatengedwa kale ndi uthenga wochokera kwina. Nambala 35 ilibe mwini, nambala 60 nayo ili pululu, koma uthenga wathu sungalowemo chifukwa mtundu wake ndi wina. Mitundu iwiri yofanana ikalowa m'kaulusi kamodzi, mauthenga onse awiri amaonongeka. Malo alipo, njira palibe.

Chomwe makampani amachita lero n'kuimitsa kuwalako. Makina otchedwa transponder amakulandira, kukusandutsa magetsi, kuwerenga uthengawo, n'kuyatsa laser ina ya mtundu watsopano. Zikufanana ndi zomwe zimachitika lole ya mbatatesi ikalephera kupitirira: aganyu atsitse matumba onse, awerenge, akweze pa lole ina. Katundu amafika ndithu, ndipo pakutsitsapo thumba long'ambika limaoneka n'kusokedwa. Koma lole iliyonse imafuna aganyu akeake. Mitundu 80 imafuna makina 80, aliwonse ndi mtengo wake, magetsi ake ndi kutentha kwake kofuna kuziziritsa. Tsiku lomwe kampani yakweza liwiro, makina akalewo amatha ntchito, kugulanso ena ndi ndalama zakunja.

Apa ndi pamene akatswiri adadzifunsa: kodi galasi lokhalo silingasinthe mtundu wa kuwala, magetsi osalowererapo?

Kadontho komwe kadafufutidwa

Yankho lidayamba kuoneka mu 1961, patangotha chaka chimodzi Theodore Maiman atayatsa laser yoyamba. Peter Franken ndi anzake ku University of Michigan adawomba kuwala kofiira kwa laser, kwa 694 nanometre, pa krustalo wa quartz. Mbali inayo kudatuluka kofiira komweko, koma pamodzi ndi kachizirezire ka kuwala kwina kwa 347 nanometre, theka lenileni la funde loyambalo. Umboni wake udali kadontho kakang'ono pa chithunzi. Osindikiza magazini ya Physical Review Letters adakayesa kachitsotso, n'kukafufuta, moti chithunzicho chidatuluka muvi ukuloza pamalo popanda kanthu. Kadontho kameneko ndiko kadatsegula phunziro lotchedwa nonlinear optics, lomwe Nicolaas Bloembergen adalandira nalo mphoto ya Nobel mu 1981.

Mfundo yake ndi iyi. Kuwala kukakhala kofooka, galasi limamvera: kulowe kofiira, kutuluka kofiira, muwonjezere kawiri, kutulukanso kawiri. Koma kukakula mphamvu kwambiri, maelekitironi a m'galasimo amakankhidwa mopyola muyezo, sagwedezekanso motsatira ndendende, ndipo m'kugwedezeka kwawoko mumabadwa mitundu ina yomwe palibe adailowetsa.

Amene adagwirapo kalaser kobiriwira kolozera, kooneka ngati cholembera, adagwira luso limeneli m'manja. M'kati mwa tambiri mwa timeneti mulibe nyali yobiriwira. Muli kanyali kotulutsa kuwala kwa 808 nanometre, komwe kamadzutsa krustalo woyamba kuti atulutse kwa 1064, kosaoneka ndi maso. Kuwalako kumadutsa mwa krustalo wachiwiri, kachidutswa ka mamilimita ochepa, n'kutuluka kuli 532, kobiriwira. Mtundu wasintha pa mtunda wosakwana chala, popanda kusandutsidwa magetsi.

Mu faiba zoterezi zimachitika zokha. Gawo limodzi mwa magawo 10 a watt ndi mphamvu yochepa, koma mukaipanikiza mu mtima wa kaulusi, ukali wake umaposa dzuwa la masana maulendo miliyoni. Ndipo kuwalako kumayenda kopanikizika chomwecho makilomita ambirimbiri. John Kerr wa ku Scotland adaona kale mu 1875 kuti mphamvu ya magetsi imasintha mmene galasi limapindira kuwala. Mu faiba, kuwala kwenikweniko ndiko kumasintha galasi lomwe kukudutsamo, ndipo mitundu yoyendera limodzi imayamba kukhudzana. Itatu ikasakanizana imabala wachinayi, zomwe amazitcha four-wave mixing.

Poyamba ichi chidali chilombo. Posakanizana m'njira zosiyanasiyana, mitundu 3 imabala ana 9, mitundu 10 imabala 450, ndipo ambiri mwa anawo amagwera pomwe pali uthenga wa eni. Faiba wina yemwe adayalidwa m'zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa 1990, wopangidwa mwadala kuti mitundu yoyandikana iziyenda pa liwiro lofanana, adapezeka kuti ndiye woipitsitsa pa DWDM, chifukwa mitundu ikayenda phazi limodzi imasakanizana kwambiri. Andrew Chraplyvy ndi Robert Tkach a ku Bell Labs ndiwo adatsogolera kupanga faiba wina wosiyanitsako liwiro pang'ono kuti chilombocho chigone.

Chilombo chilowa m'goli

Chomwe chimaononga chikangochitika chokha, chimathandiza chikachitika pomwe mwachifuna. Chosinthira mtundu cha four-wave mixing chimagwira ntchito motere. Amatenga faiba wapadera wa mtima wochepetsetsa, mamita mazana angapo, wokulunga m'kabokosi. Amalowetsamo uthenga pamodzi ndi laser yamphamvu yopanda uthenga, yotchedwa pump. Tinene kuti pump ili pa 193.1 terahertz, uthenga uli pa 193.3. Potuluka pamapezeka kuwala kwatsopano pa 192.9, kutalikirana komweko koma mbali inayo ya pump, kutanyamula uthenga wonse wosasowa kanthu. Sefa imachotsa pump ndi kuwala kwakale, katsopanoko n'kupitirira ulendo. Mukasuntha pump, mwasunthanso pomwe uthenga ugwere.

Kukoma kwa njira imeneyi kuli pawiri. Galasi limayankha msanga kwambiri, moti palibe liwiro la uthenga lomwe lingalipitirire. Komanso silifunsa kuti uthengawo walembedwa bwanji. Makina a masiku ano salemba pongoyatsa ndi kuzimitsa kuwala. Amalembanso m'kaimidwe ka funde, ndipo four-wave mixing imasunga zonsezo. Kabokosi kamodzi kangathe kusamutsa mitundu yambiri nthawi imodzi.

Palinso njira zina. Ina imagwiritsa ntchito krustalo wa lithium niobate, wa masentimita ochepa, yemwe m'kati mwake adamutembenuza mizeremizere kuti mafunde asasemphane. Ganizoli lidalembedwa ndi gulu la Bloembergen mu 1962, koma njira yabwino yomupangira idapezeka mu 1993 ku kampani ya Sony. Ina imadalira kachipangizo kotchedwa semiconductor optical amplifier: uthenga ukawala umadya mphamvu ya kachipangizoko, ndiye kuwala kwachiwiri kodutsa momwemo kumafooka, uthenga ukazima kumalimba. Uthengawo umadindika pa mtundu watsopano, ngakhale uli chadodolido. Njirayi ndi yotsika mtengo, koma imataya zolembedwa m'kaimidwe ka funde.

Tinene mosabisa: m'manetiweki a malonda, kuno ndi kunja komwe, kusintha mtundu kukuchitikabe kudzera m'magetsi. Pump imadya mphamvu, imabweretsa phokoso, ndipo kuwala kosinthidwa sikutsukidwa zolakwika monga amachitira transponder, yemwenso mtengo wake wakhala ukutsika. Mwa luso lonse la banja limeneli, lomwe lidalowa kale ntchito ndi lochokera pa zomwe C. V. Raman adatulukira ku Calcutta mu 1928: laser yamphamvu yowombedwa m'chingwe imapatsira mphamvu yake kuwala kwa funde lotalikirapo, chingwe chenichenicho n'kukhala cholimbitsa uthenga. Izi zimathandiza pomwe tinyumba ta makina tatalikirana.

Komabe zaka zaposachedwa nkhaniyi yadzukanso, pa chifukwa china. C-band yayamba kudzaza pa zingwe zikuluzikulu, ndipo kuwonjezera mphamvu ya laser sikuthandiza chifukwa kumangodzutsa chilombo chija. Pambali pa C-band pali zigawo zina, S, L ndi U, zomwe galasi limanyamula bwino koma makina ake ndi osowa ndi odula. Makampani a ku Japan monga NTT ndi Fujitsu aonetsa kuti n'kotheka kutenga mitundu yonse ya C-band, yopangidwa ndi makina wamba, kuisamutsira pamodzi ku chigawo china, kuiyendetsa m'chingwe, n'kuibweza ikafika. Kukula kwa malo omwe akungokhala kudaoneka mu 2024, pomwe bungwe la NICT la ku Japan komweko lidatumiza materabiti 402 pa sekondi m'kaulusi kamodzi ka faiba wogulitsidwa pamsika, pa mtunda wa makilomita 50, pogwiritsa ntchito zigawo 6.

Tanthauzo lake kwa ife

Phunziro lalikulu ndi lakuti chuma chili m'galasi lomwe lidayalidwa kale. Pa ntchito ya faiba, ndalama zambiri zimathera pokumba, pozika mapolo ndi pokoka chingwe. Chingwecho chikagona, mphamvu zake zimakula posintha makina a kumapeto, osakumbanso. Kaulusi kopachikidwa m'mbali mwa msewu wa fumbi ndi ka mtundu womwewo ndi kamene kamalumikiza mizinda ya ku Ulaya. Luso losintha mtundu likadzakhwima, opindula kwambiri adzakhala madera a pamphambano ndi a m'malire, pomwe netiweki ya kampani ina ikumana ndi ya inzake, dziko lina ndi linzake, aliyense ndi kagawidwe kake ka mitundu.

Koma chovuta cha Domwe lero si kuchepa kwa mitundu. Ndi antena yomwe ili kutali ndi mudzi, magetsi ozimazima, mtengo wa ma megas poyerekeza ndi zomwe mlimi amapeza pa thumba, ndiponso kuduka kwa chingwe. Chingwe chimaduka ndi moto wa tchire wa osaka mbewa, ndi makina okonza misewu, ndi mphepo yogwetsa mitengo, ndi madzi osefukira monga zidachitikira pomwe namondwe Idai adagwetsa mauthenga ku Beira mu Malichi 2019. Chimadukanso ndi akuba ofuna kopa, pomwe m'galasimo mulibe kopa ngakhale pang'ono.

Chikaduka, amisiri amayamba awombamo kuwala ndi makina otchedwa OTDR, omwe amayeza nthawi yomwe kuwalako kwatenga kuti kubwerere n'kunena kuti chaduka pa kilomita yakutiyakuti. Akafika pamalopo, mmisiri amasenda kaulusi, kukapukuta ndi sipiriti, kukadula mowongoka ndi kachipangizo kake, n'kuika nsonga ziwirizo m'makina olumikizira. Pa kagalasi ka makinawo nsongazo zimaoneka zikuyandikana, zikudziwongola, kenaka kamoto ka magetsi kamathwanima, galasi n'kusungunuka kukhala limodzi. Kafumbi kamodzi kokha kakhoza kuononga mfundoyo, ayambirenso. Ndipo ayenera kutero ndi kaulusi kalikonse m'chingwemo, kaya ndi 24 kaya 48, mphepo ikuomba, nthawi zina usiku ndi tochi. Nthawi yonseyo chipatala, sukulu, wamalonda wa M-Pesa ndi e-Mola, onse ali manja lende.

Pali zomwe maboma angachite. Mabungwe oyang'anira za mauthenga, INCM ku Mozambique ndi MACRA ku Malawi, ali ndi mphamvu zolimbikitsa makampani kubwerekana zingwe ndi mapolo, kutsegula njira yachiwiri kuti imodzi ikaduka dera lisakhale mumdima, ndi kutsitsa mtengo woimbirana pakati pa abale olekanitsidwa ndi malire okha. Palinso zomwe sukulu zingachite. Mwana wa ku Domwe yemwe amakhoza masamu ndi fizikisi adziwe kuti ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo ndi ku MUBAS ku Blantyre kuli maphunziro a uinjiniya wa zamagetsi ndi mauthenga, ndipo kuti dera lake likusowa anthu odziwa kulumikiza faiba ndi kuyendetsa makina a DWDM. Tisamangodikira kuti mlendo ndiye abwere ndi kalumo kakuthwa. Mphunzitsi wokhala ndi kalaser kobiriwira ali kale ndi chiyambi cha phunziro lonseli m'thumba mwake.

Ndipo pali zomwe tonsefe tingachite kuyambira lero. Mafumu ndi akuluakulu a mipingo auze anthu kuti m'chingwe cha faiba mulibe chogulitsa. Tilambule m'munsi mwa mapolo tisanayatse moto. Tikaona polo lagwa kapena chingwe chili lendelende, tidziwitse kampani kapena amfumu msanga, ndipo tiletse ana kusuzumira kunsonga yodukayo, chifukwa kuwala kwake sikuoneka koma kumapweteka diso. Chingwe chimenechi ndi chathu monga mlatho ndi mjigo. Tiyeni tichisamale.